Nkhono za Ghofrane

Tandiuzani, inu amene mwalerapo ana: mwana amene sanalankhulepo ndi munthu aliyense wakunja kwa khomo la makolo ake, tsiku limene angatsegule pakamwa pamaso pa mlendo, mawu ake oyamba angakhale otani? Ena anena kuti "amayi", ena "madzi", ena "ndikuopa". Sungani kaye yankho lanulo, timve za Chiraz.

M'mawa wina wa mwezi wa Epulo, m'nyumba ya mayi Jalila ku Beja munadzaza fungo la uchi ndi batala. Mayiwo ankayeserera kuphika baklawa, makeke otsekemera a kumeneko, wa paphwando limene linali lisanafike, ndipo anali ataitana kale msewu wonse.

"Amayi, ukwati wa ndani umenewu?" anafunsa Lotfi, mwana wawo wamwamuna, amene ankayendetsa minibasi pakati pa tauni ya Beja ndi Tunis, likulu la dzikolo.

"Wa digiri ya mlongo wako. Chotsa dzanjalo! Iwe unandibweretsera chiyani choti ndiimbire nthungululu? Hutala?"

"Hutala yomweyo ndi imene yakhala ikumunyamula kupita kuyunivesite zaka zonsezi. Digiriyo theka ndi yanga." Anatembenukira kwa mlongo wake amene ankamanga mpango pakhomo. "Adokotala a mitu, mukadzalandira pepalalo mudzayambe kuyeza wangawu."

"Wakowo ndinauyeza kale, achimwene," anatero Chiraz. "Ndinagogoda, palibe anayankha."

Chiraz anali ndi chifukwa choyendera mapewa ali m'mwamba. Digiri yoyamba ya maphunziro a maganizo a munthu anaitenga ngati akuthyola nkhuyu yakupsa. Mayeso onse a digiri yachiwiri anawakhoza kuposa anzake. Kuti apatsidwe chiphaso chogwirira ntchito ngati katswiri wa maganizo a ana asukulu, panatsala mtunda umodzi wokha: kugwira ntchito pasukulu ya pulayimale moyang'aniridwa, kulemba lipoti la mwana mmodzi, womuyang'anira asaine, kenako akaonekere pamaso pa aphunzitsi a kuyunivesite mwezi wa Juni. Popanda siginecha imeneyo, zaka zonse zija zikanangokhala ngati nyumba yokongola yopanda chitseko.

Womuyang'anira anali Madamu Naziha, mayi wa imvi amene anaphunzitsapo kuyunivesite, ndipo tsopano ankazungulira sukulu zingapo za m'chigawocho. Ankayenda pang'onopang'ono, ankalankhula pang'onopang'ono, ngakhale tiyi ankamwa atazizira. Mwana amene anamusankhira Chiraz anali Ghofrane, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Chiyambire sukulu, palibe mphunzitsi kapena mwana mnzake amene anamvapo mawu ake. Akamufunsa funso ankangoti zyoli, ndipo munthu akamuyang'ana, pensulo inkauma m'dzanja lake. Akuluakulu a sukuluyo ankafuna kudziwa ngati mwanayo anali woti n'kupitiriza maphunziro.

"Chikwama chakocho usachitsegule kaye," anatero Madamu Naziha, akuloza chikwama cha zoyesera nzeru chimene Chiraz ankachinyamula ngati khanda. "Nthawi yopuma uzikakhala naye pabwalo. Usamufunse kanthu."

"Mpaka liti, Madamu?"

"Mpaka."

"Koma Juni ali pakhomo."

"Juni ndi wako, mwana wanga. Si wa Ghofrane."

Chiraz anakhaladi pabwalopo masiku angapo, mtima uli m'malere. Anzake a m'kalasi ankamuimbira foni kuti malipoti awo atha, iye ali pabenchi kuonerera mwana amene ankaonerera nyerere. Tsiku limene Madamu Naziha anapita kusukulu ina, Chiraz anati zokwanira. Anamutengera Ghofrane m'kachipinda, natseka chitseko, nayala patebulo timatabwa tamitundumitundu, zithunzi ndi wotchi yoyezera nthawi.

"Konza timatabwati kuti tifanane ndi chithunzichi. Yamba." Wotchi inati tsekete. Mapewa a mwanayo anakwera mpaka m'makutu. "Nthawi yatha. Tiyese china." Tsekete. Funso lililonse linkagwera pansi ngati mwala woponyedwa m'chitsime chouma, ndipo pa lililonse Chiraz ankalemba kuti walephera, monga mmene buku la mayesowo linanenera. Pofika masana anali ndi manambala ake, ooneka bwino, osakanika.

Pageti anakumana ndi bambo wa mwanayo, wotchedwa Si Mongi, wogulitsa nkhono zandiwo pamsika, amene ankabwera kudzamutenga tsiku lililonse. Lamulo linali lakuti zotsatira aziona kaye woyang'anira zisanafike kwa kholo, koma lilime la Chiraz linali litayabwa. Anawauza zonse, mwanayo ali chiimire pomwepo atagwira malaya a bambo ake.

"Koma mwana wanga, kunyumba amalankhula ameneyu," anatero Si Mongi. "Amalongolola mpaka amayi ake amamupempha kuti apumeko."

"Makolo onse amatero, Si Mongi. Ine ndayeza. Mutu wake sungasenze za sukulu."

Bamboyo anavula chipewa chake chofiira, nachitembenuza m'manja, nachivalanso. "Ophunzira ndinu," anatero motsitsa mawu. Mawa lake desiki ya Ghofrane inali pululu.

Madamu Naziha anawerenga lipotilo kuyambira pachikuto mpaka pomaliza osakweza nsidze. Atamaliza anavula magalasi.

"Walemba bwino kwambiri. Palibe chilembo cholakwika. Koma wayeza mantha, n'kulemba kuti wayeza nzeru."

"Madamu, ndatsata buku."

"Buku lomwelo lili ndi mutu wa ana amene mantha amawatseka pakhosi akachoka panyumba. Pamayeso unaulemba, ndinachonga ndine, ndipo unaposa onse. Mutuwo unauloweza, koma utakhala nawo patebulo limodzi sunauzindikire. Mwanayo ali kuti?"

Chiraz anasowa poyang'ana.

"Ndidzasaina tsiku limene Ghofrane adzakhalenso padesiki yake."

Chiraz anachonderera. Anatchula amayi ake, anatchula phwando, anapempha kuti amupatse mwana wina woti amulembere lipoti msangamsanga. Madamu anatemetsa nkhwangwa pamwala. "Ana olongolola alipo ambiri, ndipo sakusowa kanthu kwa iwe. Uyu wamutulutsa ndiwe."

Madzulo a tsiku lomwelo anathamangira kwa Si Mongi, kumapeto kwa tauni kumene nyumba zimathera ndi minda ya tirigu imayambira. Anawauza kuti panalakwika, mwana abwerere kusukulu. Bamboyo anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Dzana munati mutu wake ndi wouma, lero mukuti ndi wabwino. Nanga mawa mudzati chiyani? Mwana wanga si mpira. Anamva zonse munanena pageti paja. Chichokereni kumeneko, ngakhale ife sakutilankhula."

Mawu amenewo anamulasa Chiraz kuposa kukana kwa Madamu.

"Koma mlendo sitibweza pakhomo," anapitiriza Si Mongi. "Mukafuna kubwera, bwerani, tiyi alipo. Chikwama chija muzichisiya kwanu."

Juni anafika, nadutsa. Nthungululu zinamveka m'makomo a anzake, zithunzi za mikanjo yakuda zinadzaza m'foni mwake. Mayi Jalila anasiya kupita kumsika m'mawa poopa mafunso.

"Ndiwauze chiyani anthu? Kuti mwana wanga wagonja kwa kamwana kosalankhula?"

"Auzeni kuti akuwonjezera digiri yachitatu," anatero Lotfi, "ya zoweta nkhono." Koma ndi iye yemwe amene ankakhotetsa minibasi masana aliwonse kukamutula mlongo wake kumapeto kwa tauni, apaulendo akudandaula kumbuyo.

Chilimwe ku Beja dzuwa limaswa mtengo. Nthawi imeneyo nkhono zimakwera pamapesi ouma ndi paminga, n'kudzitsekera m'zigoba zawo ndi kachivindikiro koyera, kouma ngati pepala. Si Mongi ankazitola mbandakucha, n'kuzisunga m'madengu ndi gaga wa tirigu kuti m'mimba mwake muyere asanakazigulitse. Nkhono yakufa ikalowa mumphika imawononga msuzi wonse, choncho zinkayenera kusankhidwa, ndipo ntchito imeneyo tsopano inali ya Ghofrane. Ankaziyala palichero, n'kuziwaza madzi ndi nsonga za zala, n'kukhala pansi. Yotuluka m'chigoba inkabwerera m'dengu, yosatuluka inkapita kudzala.

Masiku oyamba, Chiraz akangoti phazi pabwalo, mwanayo ankathawira m'nyumba. Chiraz ankakhala pamphasa pansi pa mtengo wa azitona, opanda kope, opanda wotchi, n'kumwa tiyi wa Si Mongi, dzuwa likapendeka n'kutsanzika. Munthu amene moyo wake wonse anapambana chifukwa choyankha msanga anapeza kuti kukhala chete ndi katundu wolemera kuposa mabuku onse amene anasenzapo. Mawu ankamutukusira pakhosi. Manja ankafunafuna chogwira.

Kumapeto kwa sabata iliyonse ankapita kwa Madamu Naziha, nkhope itagwa.

"Palibe chachitika, Madamu."

"Anakhala pati?"

"Pakhomo, atandifulatira."

"Sabata yatha anali pati?"

"M'nyumba."

"Ndiye ukuti palibe chachitika? Iwe, maso akowo unawabwereka kwa ndani?"

Kuyambira pamenepo Chiraz anayamba kuona zimene poyamba zinkamudutsa. Lichero linkasendera. Lero lili pakhomo, sabata ina lili pakati pa bwalo, kenako lafika m'mphepete mwa mthunzi wa mtengo uja. Si Mongi anamutsina khutu kuti mwanayo wayambanso kunong'oneza amayi ake pogona, ndipo tsiku lina anamveka akukalipira mphaka.

Masana ena, podikira nkhono zake, Ghofrane anasalaza gaga pansi ndi chikhatho, nayamba kulembapo ndi chala. Chiraz anasuzumira ndi ngodya ya diso, ndipo tsitsi linamuima. Unali mzere wathunthu wa ndakatulo ya m'buku la kalasi yake, zilembo zoongoka, madontho onse ali m'malo mwake. Pansi pake mwanayo anawerengetsera nkhono zamoyo ndi zakufa, naphatikiza, nachotsera, osalakwitsa. Nthawi yonse ija ali ndwii kumbuyo kwa kalasi, mwanayu ankamwa chilichonse ngati nthaka youma.

"Wakhoza!" Chiraz anafuula asanadzigwire. "Ghofrane, wakhoza! Talembanso!"

Chikhatho chinafufuta gaga kamodzi, ndipo chitseko chinati phwa. Mawa lake lichero linali litabwerera pakhomo.

Chiraz analira m'minibasi ulendo wonse wobwerera kunyumba. Lotfi sanaseke. Anangomupatsa kansalu kopukutira galasi, nati, "Mawa nthawi yomweyo, adokotala?"

"Nthawi yomweyo."

Anayambiranso pachiyambi. Ulendo uno lichero silinachedwe kwambiri panjira, ndipo litafika mumthunzi, silinaime. Tsiku lina Chiraz anangoona kuti laikidwa pakati pa awiriwo, pamodzi ndi mbale ya madzi. Anaviika zala, nawaza. Mwanayo sanathawe. Kuyambira tsikulo ankasankha nkhono limodzi, osayang'anana, osalankhulana, ngati anthu awiri opemphera moyandikana.

Koma Seputembala anali atalowa. Ana a m'makomo oyandikana anayamba kudutsa ndi zikwama zatsopano, ndipo sukulu inali pafupi kutsegulidwa. Chiraz anayesa kuitchula nkhaniyo kwa Si Mongi.

"Ndimubwezere kumene amamuyesa chitsa?" anatero bamboyo. "Pano ali pa mtendere. Sanalankhulepo ndi munthu wakunja chibadwire, ndipo inu mwatha chilimwe chonse pamphasa imeneyo. Mwamvapo chiyani?"

Chiraz anadziwa kuti mpata umenewu ukadutsa, mwanayo adzakulira pamadengu, ndipo siginecha ija sidzalembedwa.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu koma yaifupi. Itakata, bwalo lonse linanunkhira dothi, ndipo masamba a azitona ankadontha pamphasa. Nkhono za palichero zinatuluka mwaunyinji, zikukwerana, zikusiya tinjira tonyezimira. Inatsala imodzi yokha, yaikulu, ya chigoba chotuwa, chivindikiro chake chili chitsekere. Ghofrane anainyamula, naiika pa njerwa yonyowa patsogolo pa Chiraz, naidonthezera madzi.

Anadikira. Madontho a mumtengo anachepa, kenako analeka. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa pemphero la masana, nakonso kunatha. Nkhonoyo inali duu. Chiraz anati mumtima, iyi yafa, ndipo anatambasula dzanja kuti aiponye pamulu wa zakudzala.

Kadzanja kozizira kanamugwira pamkono. Ndipo mwanayo analankhula.

Anali mawu amodzi okha, otsika, osasa pang'ono ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa. Pakhomo, Si Mongi amene ankatuluka ndi matambula a tiyi anaima chilili, phazi limodzi lili m'malere. Zonse za m'kati mwa Chiraz zinafuna kufuula, kuyamikira, kufunsa funso lina. Analuma lilime, nabweza dzanja lake pang'onopang'ono, naliika pabondo.

Ndipo onani, kachivindikiro koyera kaja kanayamba kufewa m'mbali. Kanasendera, kanagwa. Mnofu wotuwa unasuzumira, unabwerera, unasuzumiranso. Kunatuluka tinyanga tiwiri tatifupi, tikufufuza njerwa. Kenako pamwamba pake panayamba kumera tina tiwiri tatitali, tikufutukuka kuchokera m'kati mwake momwe, tikutalika, tikutalikabe, mpaka kunsonga kwa kalikonse kunaoneka kadontho kakuda, kochepa kuposa njere ya mpiru. Timadonthoto tinazungulira uku ndi uku, kenako tinaima moyang'anizana naye.

Chiraz anadya nkhono kuyambira ali wamng'ono, anazitokosa ndi minga pamsika kosawerengeka, koma sankadziwa kuti zili ndi maso. Thupi lonse linamuchita tsemwe. Kanthu kamene anakaweruza kuti n'kakufa kanali kakumuyang'ana. Atatembenuka pang'ono anapeza maso ena awiri, a Ghofrane, aakulu, akuda, ali pankhope pake kwa nthawi yoyamba, osaphethira, osathawa. Mmenemo munali munthu wathunthu, amene anali momwemo kuyambira kale.

Si Mongi anaika matambula a tiyi pansi, napukuta nkhope ndi chipewa chake, nalowanso m'nyumba.

Tsiku lotsegulira sukulu anamuperekeza yekha mwana wake mpaka padesiki. Musaganize kuti Ghofrane anangofika n'kuyamba kulakatula pamaso pa kalasi. Ayi. Anayamba ndi kuwerengera Chiraz m'kachipinda kaja chitseko chili chotseka, kenako chili chotsegula pang'ono. Pambuyo pake ananong'oneza mnzake mmodzi, ndipo nyengo yozizira ili mkati anayankha mphunzitsi kuti "ndilipo", kalasi yonse n'kutembenuka ngati yamva mngelo. Chikwama cha zoyesera nzeru chinatsegulidwa mochedwa kwambiri, mwanayo atachipempha yekha kuti aone timatabwa tija, ndipo wotchi inabisidwa pansi pa tebulo. Anatikonza tonse, ngakhale timene tinali ta ana aakulu.

Madamu Naziha anasunga mawu awo. Anasaina, ndipo popereka cholembera anati, "Digiri imakupatsa chikwama. Chiphaso ichi n'cha munthu amene wadziwa nthawi yosachitsegula."

Juni wotsatira, Chiraz anaonekera pamaso pa aphunzitsi a kuyunivesite, ndipo lipoti lake linali la mwana yemwe uja. Mayi Jalila anaphika baklawa wokwanira misewu iwiri, naimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Lotfi analiza hutala kuchokera ku Tunis mpaka ku Beja, akuuza aliyense wapaulendo kuti theka la digiriyo ndi lake. Si Mongi anabwera ndi mphika wa nkhono, ndipo Chiraz, pamaso pa alendo onse, anakanika kudya ngakhale imodzi.

Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga mawu aja, amene mwana wosalankhula anauza katswiri wa madigiri awiri atamugwira pamkono? Ghofrane anati, "Dikirani."